A Hedi ndi Mkaka wa Kabwana

Dzina loti a Hedi sanalitenge kusukulu iliyonse. Choko sanachigwirepo, ndipo pa bolodi sanalembepo ngakhale dzina lawo. Anawapatsa dzinali ndi mnansi wawo wowotcherera zitsulo, anawapatsa mwachipongwe ali mkati mokangana, koma linawakwana ngati diresi losokera pathupi. Makolo anayamba kuwaitana choncho, ana nawo anatengera, mpaka amuna awo akafuna madzi osamba ankayamba akhosomola kaye n'kunena kuti, "A Hedi, tingapemphe nawo?"

Ntchito yawo inali yosunga ana a anthu opita kuntchito, m'nyumba yawo yomwe ya lendi ya kumapeto kwa mzere. Sanachite kuikhalira pansi ntchitoyi. Tsiku lina mayi wina wa pamzerepo anawasiyira khanda kuti athamange akafunsire ntchito, akuti abwera posachedwa. Ntchito anaipeza, ndipo posachedwa wake uja anatha mwana atayamba sukulu. Pofika nthawi imeneyo n'kuti pabalaza patadzaza kale ana a ena. Masofa anapita kwa mlamu, m'malo mwake munalowa timatiresi tokutidwa ndi pulasitiki, timipando tofiira, ndi makapu amitundumitundu omwe mwana aliyense ankadziwa yake ndipo anali wokonzeka kuifera. Kukhonde kunkandandalikidwa timapoti ta ana todzithandizira, moti mlendo wobwera m'mawa ankalandiridwa ndi mzere wa nduna zitakhala pamenepo, nkhope zili ndwii, zikuganizira za dziko.

A Hedi anali aafupi, odzaza thupi, a mawu omveka kutsidya kwa msewu. Kholo lobweretsa mwana wopanda thewera losinthira ankalikalipira pageti pomwepo, kaya lavala tayi kaya lavala yunifolomu, kenako n'kutulutsa thewera lawo m'kabati. Mwana wobereka okha analibe. Zimenezi zinawawawa zaka zambiri, ndipo nthawi zina zinkawawawabe, makamaka madzulo makolo akatenga ana onse, nyumba n'kuti zii. Koma kukacha ankamanga epuloni n'kuiika nkhaniyo pambali, chifukwa mwana wolira sadikira kuti munthu amalize chisoni chake.

Amuna awo anapuma ntchito yoyendetsa malole. Ana ankawatcha Agogo a Wailesi, poti kawailesi kochita kutchaja sikankachoka pakhutu pawo. Anali ndi mpando wawo kuseri kwa nyumba, moyandikana ndi mpanda wa njerwa, ndipo ntchito yawo yaikulu pakhomopo inali kuvomera.

Magetsi a m'deralo anali ndi khalidwe la mlendo wosaleredwa bwino, wochoka osatsanzika n'kubwera osaodira. Ena ankawatukwana, a Hedi ankangowakonzekera. M'mawa uliwonse, kaya ayaka kaya athima, madzi owira ankalowa m'mafulasiki, makala ankakhala pafupi ndi mbaula, foni inkadzazidwa moto, ndipo makatoni odulidwa bwino ankadikira pamwamba pa kabati. Fani ikangosiya kuzungulira, TV n'kuda, iwo ankaomba m'manja kamodzi. Mawindo ankatsekulidwa, matawulo onyowa ankapachikidwa pazitseko, ana okulirapo ankalandira makatoni kuti azikupiza makanda, ndipo m'malo mwa zidole za pa TV a Hedi ankayambitsa nyimbo. Kunena zoona, mphatso yoimba inawalambalala. Ana ankawakhululukira poti sankadziwa kuimba kwina, koma galu wa pamzerepo ankanyamuka n'kukagona kwa anthu ena.

Lamulo lalikulu kuposa onse linali la firiji. Inali ya bokosi, yotsekula pamwamba, youmitsa zinthu gwa, ndipo inkakhala pakona m'khitchini. Magetsi akathima ankaifunditsa mabulangete, kuimanga ndi chingwe choyanikira zovala, n'kusanjikapo beseni la zidole. Ankati kuzizira kuli ngati mwana woyamba kumene kuyenda, ukangotsekula chitseko watuluka, ndipo sabwerera yekha. Agogo a Wailesi anayesapo kamodzi kutulutsamo botolo la madzi tsiku lotentha. Zimene anamva tsiku limenelo sanazifotokozerepo munthu, koma kuchokera pamenepo ankamwa madzi ofunda n'kumauza alendo kuti ndi abwino pammero.

Tsono kuseri kwa mpanda kunali mnansi uja, wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, amene a Hedi anamubwezera dzina loti Chiphokoso. Iye magetsi akathima sankadandaula, ankangokoka chingwe cha jenereta yake yaikulu, yolira ngati lole yokwera mtunda. Vuto linali loti ana akadya masana amagona. Munthu wagoneka makanda movutikira, lina kumsana lina pamiyendo, lomaliza langotseka kumene maso, basi kuseri kuja gududu! Onse dzambatu, nyumba yonse kulira. A Hedi anakalipa pampanda, Chiphokoso anayankha kuti naye ali ndi ana ofuna kudya. Anakalipanso, iye anafunsa ngati kusukulu kwawoko ayamba mayeso. Nkhani inafika kwa eni nyumba, ndipo a Hedi anapita kumeneko atabereka khanda, lina atalinyamula kumanja, kuti umboni udzinenere wokha. Mlandu anawina. Chigamulo chinali choti ana akagona masana jenereta isalire mpaka atadzuka. Chiphokoso anamvera, koma moni anathera pomwepo. Akakumana pageti iye ankaima njo n'kuchita sailuti, a Hedi n'kudutsa ngati aona mtengo.

Chaka chimenecho kunabwera khanda limene analitcha Kabwana, chifukwa linkayang'ana munthu aliyense ngati wachedwa kuntchito. Mayi ake anali mtsikana wosoka mayunifolomu kufakitale, wolera yekha mwana, wofatsa mpaka kupepesa chitseko akachigunda. Kabwana anali ndi mimba yosankha. Mkaka wa m'chitini anamuyesa mitundu yonse, uliwonse unkabwerera momwe walowera, thupi n'kutuluka zidzolo. Choncho mayi ake ankafinya wa m'mawere pa nthawi yopuma kuntchito, n'kubwera nawo m'timatumba tomata pakamwa, a Hedi n'kumasunga.

Tsiku lina pobwera kudzatenga mwana, mtsikanayo sanafulumire kuchoka. Anakhala pa kampando kofiira, mawondo ali kuchibwano, mpaka makolo ena onse atapita.

"Mayi," anatero, "kuchipatala andipeza ndi chotupa m'bere. Akuti andichita opaleshoni mwezi wamawa, ndiye pambuyo pake pali mankhwala amphamvu. Ndikangowayamba amenewo, kuyamwitsa kwathera pomwepo."

A Hedi anaika pansi kapu imene ankatsuka. "Nanga mwanayu?"

"Ndi zimene ndimafuna kupempha. Kwanga kulibe firiji. Ndimati ndizifinya wambiri panopa, muzindisungira, kuti azimwa mpaka atazolowera phala. Komanso masiku amene ndikagone kuchipatalako, sindikudziwa ngati..."

"Zimenezo usachite kupempha, mwananga. Bweretsa mkaka, bweretsa mwana. Nyama ya agogo akoyi ituluka m'firijimo lero, adye zamasamba, magazi awo amathamanga kale."

Agogo a Wailesi, omwe ankadutsa ndi mpando wawo, anavomera.

Milungu yotsatira mtsikanayo anafinya paliponse pamene akanatha, kunyumba, m'chimbudzi cha kuntchito, m'chipinda chodikirira dokotala. Ankadzikakamiza kudya ndi kumwa ngakhale mantha atamuchotsera chilakolako. Timatumba tinkabwera pang'onopang'ono, a Hedi n'kumatigoneka m'firiji mosanjikiza, takale pamwamba tatsopano pansi. Pofika tsiku lokagonekedwa, firiji inali itadzaza kupitirira theka. Anasiya Kabwana ndi chikwama cha zovala, anamupsompsona pamphumi, anasisita chivundikiro cha firiji, n'kutuluka osacheuka.

Sipanapite masiku, thiransifoma ya magetsi ya pamphambano inaphulika. Unali m'mawa, kunamveka phuu, ndipo ana anakuwa mokondwera poganiza kuti ndi zosangalatsa. A Hedi anaomba m'manja monga mwa nthawi zonse. Anatsekula firiji kamodzi mwachangu, kutulutsa mkaka woti Kabwana ayambe wamwa, n'kutseka. Ulendo uno mabulangete onse a m'nyumba anathera pamenepo, kuphatikizapo la amuna awo ndi jekete lawo lakale la pamsewu.

Masana anadutsa, dzuwa linapendeka, magetsi osabwera. Makolo odzatenga ana anafika ndi nkhani zosiyanasiyana. Wina anamva kuti akonza mawa, wina kuti chipangizo chake chichokera kunja, wina anali ndi mlamu wodziwana ndi munthu wodziwa. Kwa mng'ono wa a Hedi, komwe akanasamutsira mkakawo, kunali ulendo wosinthitsa basi padzuwa, ndipo nakonso magetsi ankachita zomwezo.

"Akazanga," anatero Agogo a Wailesi mosamala, maso ali kudenga, "jenereta ya mnzathuyu akuti ndi yamphamvu. Waya mmodzi chabe..."

"Mnzathu uti? Muli ndi mnzanu kuseriko inu?"

"Ayi, ndimangonena."

"Muzinenera mumtima. Firiji yangayi ndimaidziwa ine. Ikatsekedwa bwino imasunga."

Kuidziwa ankaidziwadi, koma ankadziwanso kuti inali nyengo yotentha, ndipo khitchini yawo inkayang'ana kumene dzuwa limalowera. Kutacha, asanasukusule n'komwe, anapisa dzanja kunsi kwa mabulangete n'kugwira chitsulo. Chinali chozizirabe. Kuseri jenereta inalira m'mawa wonse, ndipo kwa nthawi yoyamba a Hedi anaimvetsera mmene munthu wanjala amamvera fungo la kukhitchini kwa eni ake. Kangapo konse anafika pampanda, khosi atalikonza, ndipo nthawi iliyonse ankapeza kuti pali thewera lofunika kuyanika kaye.

Masana ana anadya n'kugona. Kuseri kuja jenereta inatsokomola n'kuzima, monga mwa chigamulo. Kunja kunali zii, dzuwa likuswa mtengo. A Hedi anagwada pafiriji n'kupisanso dzanja. Chitsulo chinali chitachita thukuta, kuzizira kwa m'mawa kuja kutachepa. Anamasula chingwe, anakweza chivundikiro pongokwana mkono, n'kukhudza katumba ka pamwamba. Chala chinalowa. Pansi panali pakadali gwa, koma pamwamba ponse panali patayamba kufewa.

Mkaka wotere ukasungunukiratu suumitsidwanso, umayenera kumwedwa tsiku lisanathe kapena kutayidwa, ndipo Kabwana, ngakhale anali wadyera, sakanamaliza wa miyezi tsiku limodzi. Nyama ikawonongeka munthu amakagula ina. Uwu kunalibe sitolo yougulitsa, ndipo mwini wake anali chigonere kuchipatala, wina sadzafinyanso.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Hedi anavula epuloni, anaivalanso, anauza amuna awo kuti ayang'anire ana, n'kutuluka. Kuchokera pageti lawo kufika pa la mnansi panali pafupi zedi, koma anayenda pang'onopang'ono ngati wopita kumlandu.

Anamupeza Chiphokoso atagona chagada pa chitseko chachitsulo chosamaliza, pamthunzi, chipewa chili kumaso. Anaodira. Iye anakweza chipewa, anaona amene wabwera, n'kudzambatuka kuchita sailuti.

"A Hedi! Kwagwanji? Ine sindinayatse kanthu. Kapena ndikupuma mokweza?"

"Ndabwera kudzapempha," anatero a Hedi, mawu atatsika kuposa mmene munthu aliyense pamzerepo anawamverapo. "Muyatse jenereta."

Chiphokoso anaika chala pakamwa. "Tsitsani mawu, mayi, ana agona. Pali lamulo pano. Analamula ndi anthu akuluakulu."

"Ndikudziwa."

"Mukufuna eni nyumba andithamangitse eti? Kapena ndi msampha? Mboni zanu zija mwazibisa kuti?" Anasuzumira kumsana kwa a Hedi ngati kuli khanda.

Magazi anawira. Mawu omuyenera analipo, atafola palilime, akuthwa bwinobwino. A Hedi anawameza onse. Anafotokoza za mtsikana wosoka, za chipatala, za mimba ya Kabwana, za timatumba tosanjikiza. Pofika pa chala chimene chalowa, anangodzimva akunena kuti, "Chonde, achimwene."

Chiphokoso sanasekenso. Anavula chipewa n'kuchiyang'ana mkati.

"Chiyambire dzulo?" anafunsa. "Inu muli chete, ine ndikuwotcha mafuta pano pa geti la munthu wosafulumira n'komwe? Mayi inu, mtima wanuwo ndi wolimba kuposa zitsulo zangazi."

Sanadikire yankho. Anatenga waya wautali wokulunga n'kupita kumpanda. A Hedi ankayesa auponya pamwamba, koma iye anagwada, anasolola njerwa imodzi ya m'munsi, yomwe inatuluka mosavuta ngati yozolowera ulendowo, n'kulowetsa waya pabowo. Kutsidya kwake dzanja linaulandira mopanda kufunsa.

A Hedi analizindikira dzanjalo, poti analiveka mphete ndi iwo. Bowolo linali kuseri kwenikweni kwa mpando wa Agogo a Wailesi, ndipo apa m'pamene anamvetsa chifukwa chake kawailesi kaja sikankatha moto ngakhale magetsi athime motani.

Anawerama n'kuitanira pabowopo. "Abambo, ndinu?"

Kutsidya kunamveka kamawu. "Ndimangothandiza, a Hedi."

"Nanga ana akuyang'anira ndani?"

"Ndikuwaonera pawindo."

"Tikambirana."

"Akambirana," Chiphokoso anauza jenereta yake, n'kukoka chingwe.

Gududu! Mbalame zinabalalika padenga, ndipo m'nyumba mwa a Hedi ana onse anadzuka nthawi imodzi n'kutsekula kukamwa. A Hedi anathamanga, anthu a pamzere amati chiyambire sanawaonepo akuthamanga, anadutsa pakati pa olirawo, analumikiza waya n'kuika khutu pafiriji. Inanjenjemera kamodzi, n'kuyamba kung'ung'udza. Anangokhala pansi pomwepo, ana akuwakwera kumsana ndi pamiyendo, mamina ndi misozi zili paliponse, iwonso akulira nawo. Agogo a Wailesi, powona kuti zokambirana zachedwako, anatola katoni n'kuyamba kukupiza aliyense.

Timatumba ta pamwamba timene tinasungunukiratu anatipatula. Kabwana anamwa mpaka kukana yekha, ndipo totsala a Hedi anakatitaya okha kuseri mawa lake, osalola munthu kuwaperekeza. Sitinali tambiri, koma ankadziwa kuti tikanapulumuka akanapita kwa mnansi dzulo lake, ndipo zinawapweteka kwambiri.

A magetsi anachedwa ndithu kudzakonza thiransifoma. Masiku onsewo Chiphokoso ankasiya kuwotcherera pafupipafupi kuti firiji idye kaye, poti jenereta sinkakwanitsa zonse ziwiri pamodzi. Mwini geti uja anabwera kudzakalipa, anauzidwa kuti akaonane ndi a Hedi, ndipo anasankha kudikira. Ana nawo anazolowera kugona m'phokoso lomwelo, tulo tofa nato, nkhani yomwe a Hedi anapempha kuti isafike kwa eni nyumba.

Mayi a Kabwana anatuluka m'chipatala magetsi atayaka kale. Anafika masana ena atawonda, akuyenda pang'onopang'ono, mkono umodzi ataupanikiza pachifuwa pomwe panali mabandeji. Kunyamula mwana madokotala anamuletsa. A Hedi anamukhazika pampando wa akuluakulu, anamuikira pilo pamiyendo, n'kugonekapo Kabwana. Mwanayo anayang'ana mayi ake kanthawi, kenako anazindikira fungo. Anatembenuza mutu n'kuyamba kufunafuna pachifuwa ndi kukamwa, akukoka bulauzi.

Mtsikanayo anayang'ana kumbali, misozi ikutsika. "Mayi, mtengeni. Ndilibe choti ndimpatse."

A Hedi anali atafunditsa kale botolo m'kapu ya madzi otentha. Anadzidonthezera pamkono kuti amve ngati lafunda bwino, analiika m'dzanja la mtsikanayo, n'kumupinda zala kuti aligwire.

"Ulibe bwanji? Nanga uwu ndi wa ndani? Mpatse, mwananga, ndi wako womwe. Ndipo ulipo wambiri, amwa mpaka atamera mano okulumira."

Mtsikanayo analoza botolo kukamwa kwa mwana. Kabwana anakana kaye, anayang'ana botolo, anayang'ana mayi ake, n'kuyamba kuyamwa, kadzanja kake katagwira kolala ya bulauzi. A Hedi anaima pomwepo mpaka botolo linafika theka, kenako anapita kukhitchini kukatereka madzi a tiyi, poti mayi naye ankafunika kumwa kanthu.